Mayina a zigawo za nephron akundisokoneza

Wophunzira unesi, Chilenje:
Akuluakulu, thandizeni pa nephron, kasefa kakang'ono ka mu impso kamene kamapanga mkodzo. Mabuku ena akuti glomerulus, ena akuti renal corpuscle, kodi ndi chinthu chimodzi? Nanga collecting duct tiyiwerenge ngati chigawo cha nephron kapena ayi?

Mphunzitsi wa anatomy, Ridgeway:
Si chinthu chimodzi, mwana wanga. Glomerulus ndi kamtolo ka timitsempha ta magazi topiringizana. Kamtoloka kamakhala m'kathumba kooneka ngati kapu, Bowman's capsule, kotengera dzina la William Bowman amene anakafotokoza mu 1842. Ziwirizi pamodzi ndiye renal corpuscle.

Usaloweze mayina ngati nyimbo, tsatira madzi kumene akupita. Magazi amalowa mu glomerulus pa kamtsempha kotchedwa afferent arteriole n'kutulukira pa efferent arteriole, yomwe ndi yopapatiza, choncho amapanikizika ndipo madzi amasefekera m'kapu muja. Impso ziwiri zimasefa malita pafupifupi 180 patsiku, koma mkodzo umangokwana lita imodzi ndi theka. Otsalawo amabwezedwa m'magazi ndi kapaipi kotsatira. Koyamba ndi proximal convoluted tubule: proximal ndiye kuti pafupi ndi kapu, convoluted ndiye kokhotakhota. Apa pamabwerera pafupifupi 65 pa 100 ya madzi ndi sodium, ndi shuga yense. Kenako loop of Henle imatsikira mu medulla, m'kati mwenimweni mwa impso, n'kukweranso. Mwendo wotsika umatulutsa madzi, mwendo wokwera wokhuthala umatulutsa mchere koma madzi saudutsa. Ukasinthanitsa miyendo iwiriyi, zonse zotsatira zasokonekera. Pomaliza pali distal convoluted tubule.

Collecting duct, paipi yosonkhanitsa mkodzo, ili padera. Mwana akamaumbika m'mimba, iyo imachokera ku mphukira ya ureter, paipi yopititsa mkodzo ku chikhodzodzo, ndipo ma nephron ambiri amathira mu duct imodzi. A physiology amakonda kuiphatikiza chifukwa ADH ndi aldosterone, mahomoni osunga madzi ndi mchere m'thupi, zimagwira ntchito mmenemo, koma pa pepala la anatomy ilembe payokha.

Wa ku pharmacy, Matero:
A mphunzitsi anena zoona. Ine ndiwonjezere mankhwala, chifukwa ndi amene amachititsa kuti mayinawa akhazikike. Furosemide, amene odwala amamudziwa kuti Lasix, amatseka mwendo wokwera uja, pomwe pamabwerera pafupifupi 25 pa 100 ya sodium, n'chifukwa chake amakodzetsa kwambiri ndipo potassium amatsika. Hydrochlorothiazide amagwira pa distal tubule, pomwe pali 5 pa 100 yokha, motero mphamvu yake ndi yochepa. Spironolactone amatsekereza aldosterone, ndiye potassium amakwera.

Choopsa chili pa timitsempha tiwiri tija. Diclofenac ndi Brufen amachititsa afferent kufinyika, enalapril, mankhwala a BP, amatsegula efferent. Munthu wotsegula m'mimba amene watha madzi m'thupi akamwa zonsezi, polowera pachepa, potulukira pakula, kusefa kumagwa ndipo creatinine, chinyalala cha m'magazi chimene impso zimachotsa, amakwera m'masiku ochepa.

Wa ku labu, Kabwata:
Mchemwali, mkodzo umaulula chigawo chimene chavulala. Mukapeza albumin (puloteni ya m'magazi) wambiri kapena maselo ofiira oumbika ngati kapaipi, vuto lili pa glomerulus, sefa yabooka. Shuga mumkodzo amayamba kuoneka shuga wa m'magazi akapitirira pafupifupi 10 mmol/L, chifukwa proximal tubule yalemedwa. Koma mukapeza shuga mumkodzo pomwe wa m'magazi ali bwinobwino, ganizirani proximal tubule yeniyeniyo. Tenofovir wa mu TLD, mankhwala a ARV, amatha kuvulaza pamenepo, gentamicin nayenso, ndiye funsani mankhwala amene wodwala akumwa ndipo muyeze creatinine ndi phosphate.

Wophunzira unesi, Chilenje:
Zikomo nonse. Nanga macula densa ili pati?

Mphunzitsi wa anatomy, Ridgeway:
Pamene mwendo wokwera ukuthera, kapaipi kamabwerera kudzakhudza glomerulus yake yomwe, pakati pa afferent ndi efferent. Maselo othinana a pamenepo ndiwo macula densa. Amayeza mchere umene ukudutsa, ndipo ukachepa amauza maselo a m'khoma la afferent kuti atulutse renin, imene imathandiza kukweza BP ndi kusunga mchere m'thupi. Ujambule nephron ndi dzanja lako, ndipo uonetsetse kuti kapaipi kabwereradi pa glomerulus.