Zomwe ndapeza pa funso lija la kuyeza madalaivala pamsewu

Masiku apitawo ndinafunsa ngati dalaivala amene anasuta chamba usiku angagwidwe m'mawa mwake apolisi akamuyeza pamsewu, ngakhale iye akudzimva kuti ali bwinobwino. Ku England ndi Wales zimatheka ndithu.

Wapolisi amapaka kachipangizo palilime kuti katenge malovu, ndipo pakapita mphindi zochepa kamaonetsa ngati muli chamba kapena cocaine. Koma umboni weniweni suchokera pamenepo ayi. Munthu amatengeredwa kupolisi kukamutenga magazi, ndipo zotsatira zake ndi zimene zimapita kukhoti.

Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2015, malire a THC, yomwe imaledzeretsa m'chamba, ndi mamaikulogalamu 2 pa lita ya magazi (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Ukangopitirira pamenepo walakwa, kaya galimoto imayenda bwino chotani. Laisensi amalanda kwa chaka kapena kuposerapo, chindapusa chake chilibe malire, ndende imatha kufika miyezi 6, ndipo mlanduwo umaoneka palaisensi zaka 11. Kukana kupereka magazi popanda chifukwa chomveka ndi mlandunso.

Amene akundidetsa nkhawa ndi odwala omwe amamwa mankhwala a kuchipatala monga morphine (woletsa ululu) kapena diazepam (wokhazika mtima pansi), chifukwa lamulo lomweli limakhudzanso mankhwalawa. Lamulo la kumeneko limawateteza akamamwa monga ananenera dokotala, bola asamasinze pachiwongolero, choncho chikalata cha dokotala chisamasowe m'galimoto.