Maphunziro osamalira opsa aja tachita

Mwezi watha ndinafunsa ngati ife anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono tingaphunzitsidwe kusamalira anthu opsa. Zikomo nonse amene munandiyankha. Maphunzirowo tachita, ndipo atitsegula m'maso.

Chandikhudza kwambiri ndi nkhani ya madzi. Popsapo pathiridwe madzi aukhondo ozizira kwa mphindi 20, osati dzira kapena mankhwala otsukira mano monga makolo ambiri amachitira. Kukula kwa bala timayeza ndi chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala, chomwe ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu lake. Mwana akapsa kupitirira 10 peresenti, timamuika dripi kaye, kenako n'kumutumiza kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre.

Dzulo anabwera ndi kamwana kotayikiridwa phala lotentha pachifuwa. Manja anga sananjenjemere ngati kale.