Printa ya ma ID ikutulutsa mzere woyera, thandizeni

Abale anga muno mu Joni, ndili pa kashopu kena ku Hillbrow, timapanga makhadi apulasitiki a magadi ndi ana asukulu. Ndiye kuyambira Lolemba printa yathu ikutulutsa khadi lililonse lili ndi mzere woyera malo omwewo, kuchokera uku mpaka uko, ukudutsa pankhope penipeni aaa. Riboni ya YMCKO (yomwe imaika mitundu pakhadi) ndasintha, cleaning card (khadi lotsukira mkati mwa printa) ndadutsitsa kawiri, ma rola ndapukuta ndi spiriti wa isopropyl koma ayi ndithu. Mnzanga akuti printhead (kachipangizo kamene kamadinda pakhadi) yapsa basi, koma imeneyo ndiyodula ndipo abwana sakufuna ndikumva komwe. Kodi fumbi lokha lingachite zimenezi kapena tingogula printhead ina? Amene mukudziwa wokonza pafupi ndi CBD (pakati pa tauni) ndiuzeni chonde, makhadi 60 akufunika Lachisanu.