Thandizeni, Genshin Impact ikudzitseka yokha pa foni yanga

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ku Matawale kuno ku Zomba, ndipo ndimasewera Genshin Impact, gemu ya 2020 ija ya zithunzi zokongola ngati makatuni. Ndikakhala ku Mondstadt, dera loyambirira la m'gemumu, imayenda bwinobwino, koma ndikangolowa mumzinda wa Liyue, kapena zilombo zikachuluka pomenyana, zithunzi zimayamba kudukizadukiza, foni n'kutentha ngati mbaula, kenako gemu n'kudzitseka.

Foni ndi ya Android, RAM 4GB. Graphics ndatsitsa mpaka pa Lowest, FPS (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi) ndaika pa 30, motion blur (kuzilala kwa zithunzi zinthu zikamayenda) ndazimitsa, mapulogalamu ena ndafufuta, koma sizikusintha. Zodawunilodanso musanene, bandulo yake ndi yoboola m'thumba.

Kodi chilipo china choti ndisinthe, kapena foniyi yangochepa mphamvu? Nanga mukudziwako gemu ina ya makatuni chonchi yosafuna intaneti?