Kukasaka pronghorn ku Wyoming: mlendo ayambire pati?

Mlenje wa ku Ohio

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikusaka agwape a mtundu wa whitetail m'nkhalango za kuno ku Ohio, kumene mlenje amangokhala phee pamtengo kudikira kuti nyama idutse pafupi, koma chaka chamawa ine ndi mlamu wanga tikufuna kukasaka pronghorn, nyama yanyanga yooneka ngati mbawala, ku Wyoming, popeza ndi kumene nyamazi zili zambiri kuposa chigawo china chilichonse cha America. Tilibe pointi ngakhale imodzi mwa mapointi omwe amakweza mwayi wopeza chilolezo chosakira, ndipo ndalama zolipira munthu wotilondolera tilibe. Kodi mlendo wochokera kuchigawo china angapeze chilolezo m'chaka chake choyamba, nanga dera losakako tilisankhe motani? Mfuti yanga ndi .270 Winchester.

Wa ku Denver

Achimwene, chilolezo cha mlendo sichigulidwa m'sitolo ngati mmene mumachitira kwanuko, koma chimaperekedwa mwa maere ndi nthambi ya Wyoming Game and Fish Department. Mumalembetsa pa intaneti mwezi wa Meyi usanathe, ndipo zotsatira zimatuluka mu Juni. Pa zilolezo 100 zilizonse za alendo, 75 zimapita kwa omwe ali ndi mapointi ambiri, pamene 25 zotsalazo angazipeze aliyense amene mwayi wamugwera. Pointi imagulidwa imodzi pachaka, kuyambira Julayi mpaka kumapeto kwa Okutobala, choncho gulani chaka chino kuti mudzalowe maere muli ndi kenakake m'manja. Inu ndi alamu anuwo mukalembetse ngati gulu limodzi, kuti mukapeza mupeze nonse, mukalephera mulephere nonse.

Palinso maere apadera a omwe alolera kulipira ndalama zambiri, omwe mtengo wake unakwera kufika pa madola 1,200 mu 2024, pamene chilolezo wamba cha mphongo chinali madola 326. Ine sindingawononge ndalama zoterezi pa ulendo woyamba. Chilolezo cha nyama yaikazi n'chotsika mtengo kwambiri, ndipo chimakupatsani mpata wophunzira malowo popanda kutaya mapointi anu.

Gogo Mlenje

Zimene anena a ku Denver n'zoona, koma ndikutsineni khutu pa nkhani ya malo, chifukwa ndi pamene ine ndinagwira fuwa lamoto. Dera limene chilolezo chake chimapezeka mosavuta, kawirikawiri limakhala losavuta chifukwa malo ambiri kumeneko ndi a eni ziweto, makamaka chakum'mawa, cha ku Gillette ndi Douglas. Ulendo wanga woyamba ndinasankha dera poona kuchuluka kwa nyama basi. Kwa masiku atatu ndinkangoyang'ana gulu la nyama pafupifupi makumi atatu zikudya kuseri kwa mpanda wawaya, mphongo yanyanga zokongola ili pakati, koma mwini malowo anandiuza mwaulemu kuti anabwereketsa kale munda wonsewo kwa alenje olipira. Kagawo kamodzi ka malo aboma kamene ndinkadalira ndinakapeza kali ndi magalimoto asanu m'bandakucha. Ndinabwerera chimanjamanja.

Choncho yambani ndi mapu, maere adzabwere pambuyo. Onani kukula kwa malo a Bureau of Land Management (nthambi ya boma la America yosamalira malo aboma) ndi a boma la chigawocho, kenako mutsimikize kuti pali msewu wa aliyense wofika pamalowo, pakuti malo aboma ozunguliridwa ndi minda ya anthu ali ngati nkhokwe yodzaza yopanda khomo. Pulogalamu ya pafoni ya onX Hunt imaonetsa malire, koma mapuwo muwasungiretu m'foni chifukwa netiweki imasowa. Funsaninso za malo otchedwa Walk-In Areas, omwe eni ake anagwirizana ndi boma kuti alenje azilowamo wapansi. Musadalire ziwerengero zakale, popeza chisanu cha 2022 mpaka 2023 chinapha nyama zambiri, makamaka cha ku Pinedale ndi Rawlins, ndipo zilolezo zinachepetsedwa. Mvula ikagwa musalimbane ndi misewu yadothi, chifukwa matope akumeneko amamatirira matayala mpaka galimoto kuima.

Mayi wa ku Montana

Mfuti yanuyo ndi yokwanira, bambo, koma zolowerani kuombera pa mtunda wa mayadi 200 mpaka 300 kuli mphepo, mutagona chafufumimba, chifukwa m'chidikhamo mulibe mtengo wobisalako. Pronghorn imaona patali modabwitsa ndipo imathamanga pafupifupi makilomita 90 pa ola, moti ikakuonani musavutike n'kuitsatira. Njira yake ndi kuiona muli kutali, kuzungulira modzera m'zigwa, kenako kukwawa. Tengani zoteteza maondo ndi magolovesi achikopa. Ine ndinatha sabata yathunthu ndikuzula minga ya kakitasi m'zikhatho. Lamulo limafuna kuti muvale chovala chowala cha olenji kapena pinki, ndipo wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1966 ayenera kukhala ndi chiphaso cha maphunziro a ulenje.

Amene amati nyama ya pronghorn imanunkha ndi amene amaisiya ili ndi chikopa kumbuyo kwa galimoto dzuwa likuswa mtengo, pakuti mu Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala masana kumathabe kutentha, ndipo ubweya wake umasunga kutentha m'thupi. Isendeni pomwepo, muidule miyendo, muiike m'bokosi la ayezi ola lisanathe, koma musachotse chizindikiro choonetsa ngati inali mphongo kapena yaikazi, chifukwa oyang'anira nyama amachifuna panjira.

Mlenje wa ku Ohio

Zikomo kwambiri nonse. Mapointi tigula mwezi uno, ndipo mlamu wanga wavomera kuti chaka chamawa tiyambe ndi zazikazi. A Gogo, kodi dera limene munapitako ulendo wachiwiri linali cha kuti?