Kodi "nkhwangwa siithwera pachipala" ndiye kuti chiyani?

Mnyamata wa ku Kapata: Akuluakulu, ndithandizeni. Osema ziboliboli akamaphunzitsa achinyamata amakonda kunena kuti "nkhwangwa siithwera pachipala". Chipalacho n'chiyani? Nanga mwambiwu ukuloza kuti?

A Tembo, Katete: Chipala ndi posulira zitsulo, mwanawe. Pamakhala makala, mvukuto wopemerera moto, nyundo ndi chitsulo chosulirapo. Nkhwangwa, sompho ndi kasemasema zimabadwira pamenepo. Osula ambiri lero amadula sipuling'i yakale ya galimoto, n'kuiotcha mpaka ifiire, kuipanda ndi nyundo, kenako kuiviika m'mafuta akale a injini kuti ilimbe. Koma ikachoka pamenepo kukamwa kwake kumakhala kokhuthala, kodzaza zipsera za nyundo. Kuthwa kumabwera pamwala wonolera ndi madzi, m'manja mwa mwini wake.

A Zulu, Mfuwe: Mwanena zoona a Tembo. Wosula amasiya dala osanola chifukwa sadziwa mtengo umene mukaseme. Mlombwa, umene ambiri kuno timati mukwa, ndiponso m'bawa, zimalola kukamwa kopyapyala, cha m'madigiri 25. Mphingo ndi tsanya ayi. Pamenepo nolani mokhuthalako, madigiri 30 kapena kupitirira pang'ono, apo ayi chitsulo chimabenthuka mutangoyamba kusema mutu wa mvuu. Sompho imanoledwa mbali imodzi, yamkati yoyang'ana kumpini. Mukanola mbali zonse ngati nkhwangwa imaterereka pamtengo osaluma. Ikamangobenthuka ngakhale mwanola bwino, vuto lili kuchipala: idalimba mopitirira. Itenthetseni pang'ono mpaka kukamwa kuoneke kwachikasu ngati udzu wouma, n'kuiziziritsa.

Amayi Phiri, Chadiza: Inu abambo mwathera pazitsulo, mnyamatayu wafunsa tanthauzo. Nkhwangwayo ndi munthu. Kumene amaphunzira amangomuumba, luso amalipeza akayamba kugwira ntchito yekha.

Mnyamata wa ku Kapata: Zikomo amayi. Ndiye kuti kuphunzira pagulu la osema kulibe phindu?

A Zulu, Mfuwe: Ayi, popanda chipala nkhwangwa ichokera kuti? Pagulu amakuuza malamulo. Sema mtengo wouma, ndipo uumitse pamthunzi, mutu ndi tsinde zitapakidwa penti kapena phula la kandulo kuti usang'ambike. Thabwa lokhuthala masentimita awiri ndi theka limafuna pafupifupi chaka. Pewa mtima weniweni wa mtengo, ming'alu imayambira pamenepo. Khosi ndi miyendo ya nyamalikiti zitsate mitsempha ya mtengo, zikapingasa zimathyoka ngakhale m'chikwama cha mlendo. Makutu ndi minyanga ya njovu n'zomalizira. Sandipepala yambani yokhakhala ya nambala 80, kenako 120, kutsiriza yosalala ya 220, ndiye polishi.

Zonsezi munthu amazimva tsiku limodzi. Chimene sangakuuze ndi kulira kwa sompho ikafika pamfundo yobisika, kapena pamene dzanja liyenera kufewa chifukwa mitsempha yakhota.

A Tembo, Katete: Ndiwonjezere ichi poti mwatchula polishi. Ena amasema mtengo wamba n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato, amvekere mphingo. Mphingo weniweni ndi wolemera, umamira m'madzi, ndipo m'mphepete umakhala ndi mnofu wotuwira kuchikasu. Kandani pansi pa chibolibolicho ndi mpeni, wabodza uonetsa kuyera.