Za ngongole ya pa okala ija, ndinapita kukaonana nawo

Mwezi wathawu ndinafunsa kuti nditani ndi ngongole ya K86,000 ya pa okala ya kwathu kuno ku Mpondasi, ntchito itandithera pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Ndinkachita kuzemba, kudzera kanjira ka kuseri kwa mzikiti kuti mayi a pa okalawo asandione. Ambiri munati ndipite ndekha, ndisadikire kuitanidwa.

Ndinapitadi Lachisanu madzulo. Anatulutsa kope lawo lija la chikuto chong'ambika n'kutsegula tsamba langa: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira oyeza m'kabotolo, makandulo. Ndinawafotokozera zonse, mawu akunjenjemera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Achimwene, mwakhala mukugula pano zaka zonsezi, mwezi ukatha mumalipira osachita kukumbutsidwa." Anatenga cholembera n'kufufuta K40,000. Yotsalayo anati ndizipereka pang'onopang'ono, mmene ndapezeramo.

Chimene chikundiwawa mumtima n'chakuti nawonso zinthu sizikuwayendera. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu amene amakapikula m'tauni akungokwera mtengo, ndipo kuholoselo sapereka pangongole, amafuna ndalama pamanja. Mashelefu ena m'okalamo ali pululu. Ndalama anandikhululukirayo si phindu ayi, ndi mpamba wawo weniweni, ndipo m'kopemo si ine ndekha.

Panopa ndikuthandiza alamu anga kuyanika usipa pa thandala ku Makawa. Dzulo ndinakapereka K5,000 yoyamba, ndi kambale ka usipa ka ndiwo za ana. Analemba m'kope ine ndikuona.